Pusi Walembetsa Masitazi

Makolo athu analibe digiri ya zachuma, koma phunziro loyamba la zachuma analimaliza kalekale: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Lionel Robbins wa ku London School of Economics anachita kulemba buku lathunthu mu 1932 kuti anene zomwezo, zoti zofuna za munthu n'zambiri, zopezera n'zochepa, ndipo ukatenga ichi ndiye kuti icho wachisiya. Makolo sanalipiritse munthu fizi pa zimenezi.

Chondiseketsa n'chakuti amene akugwa chagada kwambiri masiku ano ndi amene akuphunzira zomwezi. Ndikunena bambo wa pantchito, kaya ku banki, kaya ku Capital Hill, amene walembetsa digiri yachiwiri ya zachuma yophunzira ali pakhomo. Malipiro akoma, sangawasiye. Masitazi yakoma, paja anzake onse amene anali nawo ku Chanco ali nayo. Tulo takoma. Mpira wa Loweruka wakoma. Dzanja ili lagwira nthambi iyi, linalo nthambi iyo, mchira wakoleka pa usungichuma wa kumpingo, ndipo kabuku kotsatsa maphunziro kamutsimikizira kuti aziphunzira pa nthawi yake yopuma. Nthawi yopumayo palibe anamufunsa ngati ali nayo.

Kuphunzira uli kutali si kwachilendo. University of London inayamba kupereka madigiri kwa anthu osakhala pasukulupo mu 1858, ndipo UNISA ya ku Pretoria inayamba kuphunzitsa kudzera pa positi mu 1946. Akale aja anali ndi mwayi umodzi: asayimenti ikachedwa, mlandu unkagwera positi. Lero kompyuta imalemba ola ndi mphindi imene watumizira ntchito yako, ndipo siimva zoti kunali maliro. Olimbikitsa anzawo amakonda kutchula Nelson Mandela, yemwe anamaliza digiri ya zamalamulo ya UNISA mu 1989 ali m'ndende. Ndende si yosekera, ndikudziwa. Koma kumeneko palibe anamuimbira foni kuti wasankhidwa kukhala wapampando wa komiti ya zakudya pa ukwati wa msuweni.

Tamuonani munthu wathuyu Lachitatu madzulo mwezi wa December. Kalasi ya pa Zoom iyamba 7 koloko ku London, komwe kuno ndi 9 koloko usiku. Wafika kunyumba atathyoka msana ndi mzere wa magalimoto, wakhazika laputopu pathebulo lodyera pakati pa mbale ya ndiwo ndi makope a ana. Mphunzitsi atangoti ayambe, magetsi thii! Wayatsa kandulo, walumikiza laputopu ku foni, wakwezera foniyo pawindo pomwe netiweki imagwira. Mphunzitsi uja wauma pa sikilini kukamwa kuli yasa.

"Abambo ake, nsima ikuzizira."

"Ndikubwera, amayi, ingodikirani pang'ono."

"Adadi, mundithandize masamu."

Masamu a Sitandade 6 awathandiza bwanji munthu amene akulira ndi masamu akeake? Paja ambiri amalowa maphunzirowa poganiza kuti azikakambirana za mtengo wa chimanga ndi feteleza, ngati zimene amatsutsana pa bawo. Akatsegula buku la econometrics amapeza zilembo za Chigiriki zitakwerana, ndi calculus amene anatsanzikana naye chaka choyamba cha ku koleji. Netiweki ikamabwerera, mphunzitsi akuthokoza onse chifukwa cha mafunso abwino, ndipo bandulo yatha.

Adam Smith anasimba mu 1776 za fakitale ya maphini momwe anthu 10, aliyense atagwira kachigawo kake ka ntchito, ankapanga maphini 48,000 pa tsiku, pomwe mmodzi payekha sakanafikitsa ngakhale 20. Munthu wathuyu nkhaniyi amaidziwa bwino, anakhoza nayo mayeso. Koma iye yekhayo ndi wowerengera ndalama masana, dalaivala wa ana m'mawa, nkhoswe Lamlungu, wophunzira usiku, kenako n'kumadabwa kuti maphini sakutuluka.

Pa nkhani ya fizi m'pamene maphunzirowa amalowa m'thupi. Sukulu zakunja zimafuna mapaundi, madola kapena marandi, pomwe malipiro amabwera m'makwacha. Mu November 2023 Reserve Bank of Malawi itatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anagona ali ndi fizi yokwanira anadzuka ali ndi fizi ya magawo awiri mwa atatu ndi kanyenyeswa. Ophunzira a ku London mutu wa kusinthana kwa ndalama amauwerenga m'buku. Wathuyu amauphunzira ataimirira mu banki, fomu yopempha ndalama zakunja ili m'manja, akuuzidwa kuti ayesenso sabata yamawa. Ndikanakhala woika malamulo, mutu umenewu ndikanamupatsa malikisi onse osalemba mayeso.

Ndiye pali chaka chachiwiri, pomwe maso afiira ndipo abwana ayamba kufunsa chifukwa chake malipoti akuchedwa. Buku lake lomwelo limanena momveka kuti ndalama zimene zapita zapita, zisakutsogolere posankha za mawa. Mufunseni ngati apitirize. "Achimwene, ndalowetsamo kale zambiri, ndingasiye bwanji?" Funso limeneli likanabwera pa mayeso akanalikhoza. Labwera pa moyo, walilakwa.

Musandimve molakwa, sindikunyoza maphunzirowa. Kusiya ntchito kuti ukakhale pasukulu chaka chimodzi kapena ziwiri nakonso kuli ndi mtengo wake, ndipo pakhomo pamene anthu asanu ndi atatu akudalira malipiro amodzi mtengowo ngosatheka. Digiri yophunzira usiku ndi digiri ndithu, ndipo alipo amene amaimaliza bwinobwino. Ndikawayang'ana omalizawo sindiona kuti ndi anzeru kuposa anzawo. Ndi anthu amene analolera kutchedwa onyada. Anakana mpando wa komiti, mpira amangomva zigoli m'mawa mwake, mowa wa Lachisanu anausiya, ndipo ambiri amatenga phunziro limodzi pa nthawi m'malo mwa atatu. Amayi ndi amene ndimawaona akuvutika kwambiri, chifukwa bambo akati akuwerenga nyumba yonse imanong'ona, koma mayi akati akuwerenga wina amafunsabe komwe kuli mchere.

Choncho inu amene fomu yolembetsera ili kale pa foni, musanalipire tengani pepala mulembe zinthu zitatu zimene musiye kwa zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazi. Pepalalo mukawawerengere akunyumba, asayine iwo kaye, chifukwa theka la fiziyo alipira ndi iwowo.