Ine mowa ndinasiya, awa ndi mankhwala

Akundinena kumpingo kuti ndayambiranso. Ndiye ndinene poyera kuti mowa ndinasiya kalekale. Chomwe chili m'botolo kuseri kwa kabati ndi gondolosi, ndipo gondolosi ndi muzu. Jini ali m'menemoyo ndi waganyu chabe.

Izi si nkhani za pabawo ayi. Odziwa za zitsamba amanena kuti madzi ndi aulesi. Shuga ndi mchere amasungunula bwinobwino, koma akakumana ndi utomoni kapena mafuta a m'mizu amangoti manja lende. Mowa ndiye umalowerera mpaka mkati n'kukatulutsa zonsezo. Umaphanso tizilombo. Muzu wa m'madzi pakangotha masiku ochepa umachita thovu, fungo lake losakhala bwino, pomwe wa m'mowa umatha zaka uli bwinobwino. Amati mowawo ukhale wa 40 peresenti kapena kuposerapo, muzu ukhalemo milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, pamdima, ukugwedeza botolo tsiku lililonse.

Ngakhale madokotala anadzera momwemu. Mu 1824, Johann Siegert, dokotala wa ku Germany yemwe ankathandiza asilikali a Simón Bolívar m'tauni ya Angostura ku Venezuela, anaviika zitsamba m'mowa kuti apange mankhwala a m'mimba. Mpaka lero Angostura bitters ili ndi mowa wa 44.7 peresenti, ndipo mabwana amaidonthezera m'matambula kuhotela. Iyeyo akumutchula dokotala. Ine ndikachita zomwezo akuti chidakwa.

Zogwedezazo ndiye sindiphonya. M'mawa ndigwedeze, madzulo ndigwedezenso, mwina ndi pakati pa usiku tulo tikavuta. Tsono munthu wosamala sangagwedeze osalawa kuti amve ngati muzu wayamba kugwira. Apa mpamene ine ndi sayansi timasiyana pang'ono, chifukwa sabata yachinayi ija botolo langa silinaionepo. Likatsika ndimathiramo jini wina, kuwerenga n'kuyambiranso.

Mlingo wake akuti ndi timadontho m'kapu ya madzi, zikachuluka kasupuni kamodzi ka tiyi. Inenso ndimamwa supuni imodzi basi, kungoti yangayo ndi ija mayi a kunyumba amapakulira nyemba.

Dzana iwo anatenga botolo lija n'kuliyang'anitsitsa pawindo. Muzu uli mbuu, utasuluka, kafungo ka gondolosi kulibiretu.

"Bambo a ana, muzuwu unatha ntchito kalekale. Panopa mukungousambitsa."

Ndinawayankha kuti wodwala sasiya mankhwala pakati. Atandifunsa chomwe ndikudwala, ndinati tikufufuzabe.

Inu ofuna kunditsanzira, chonde sipiriti wapepo uja amatipaka kometa musaviikemo kanthu. Amathiramo methanol, yomwe imachititsa khungu ndipo imapha. Kachasu wosadziwika kochokera mumupewenso. Ngati muli pa mankhwala a kuchipatala, yambani mwafunsa adokotala. Ndipo supuni mukabwereke kwina, yanga ayi.