Make Mbuu, Mwana Mbuu: Umboni wa Kantchentche

Mnyamata akayamba kugona m'ngalande ataledzera, pamudzi chigamulo sichichedwa: make mbuu, mwana mbuu. Bambo ake amangokhala duu pakhonde, mlandu wonse n'kugwera mayi. Mlanduwu tiuzengenso, ndipo mboni ikhale kantchentche ka maso ofiira kaja, kamene kamazungulira mango owola pamsika wa Kamwendo, n'kudutsa pa Mwami kupita ku Chipata popanda chiphaso.

Musakapeputse. Asayansi amakatcha Drosophila melanogaster, ndipo amati kwawo kwenikweni n'kuno kwathu, cha ku Zambia ndi Zimbabwe. Kanadyetsa Thomas Hunt Morgan mphoto ya Nobel mu 1933, kenako Christiane Nüsslein-Volhard, Eric Wieschaus ndi Edward Lewis mu 1995. Kokhako sikanalandire ngakhale nthochi yathunthu.

Umboni woyamba ukukomera akuluakulu. Ntchentche yaikazi isanaikire dzira, imasiya uthenga wa jini (kachidutswa ka chibadwa chotengera kwa makolo) yotchedwa bicoid kunsonga imodzi ya dziralo, ndipo kumeneko n'kumene kumamera mutu. Jiniyo ikawonongeka mwa mayi, kamphutsi kamapangika kopanda mutu, matako uku ndi uku. Ena a inu mwakumbukira kale wachibale. Kuchoka apo maselo amatumizirana mauthenga kudzera m'majini monga wingless, hedgehog ndi Notch, kugawana ntchito: iwe phiko, iwe mwendo, iwe ubweya. Apa jini ya bambo imalowereranso, choncho achoke pakhonde paja.

Nanga mowa? Mu 1998 ofufuza a ku San Francisco anapeza ntchentche zomwe zimagwa msanga zikangonunkhiza mowa, chifukwa cha vuto la mauthenga m'maselo a ubongo. Koma mu 2012 anapezanso kuti timphongo tokanidwa ndi zazikazi timathamangira chakudya chothira mowa kuposa tinzawo tomwe chibwenzi chinatheka. Makolo amodzimodzi, kamwedwe kosiyana. Chinasintha ndi zomwe timphongoto tinakumana nazo.

Ndiye chigamulo ndi ichi. Mwambiwu uli ndi mutu, koma usamalemetse mayi yekha. Mayi analoza pomera mutu, bambo anaikapo gawo lake, zotsalazo ndi za mwini mutu. Achimwene a pa Mkanda, ngati namwali wakukanani, kachasuyo mwadzigulira nokha. Amayi anu asiyeni akolole mtedza mumtendere.