Mbuzi, Nandolo ndi Chaka cha 2004

(Ku Migowi, m'boma la Phalombe, chakumadzulo. Mbuzi ikulira, munthu akuikoka pachingwe.)

A DIKONI: Odi kuno, aphunzitsi! Ndadza mwamtendere, ngakhale kuti chingwe chili m'manja mwangachi chamanga chilombo chimene inu mumachitcha mbuzi, chimene kuyambira m'mamawa, ife oopa Mulungu tili ku mapemphero, chakhala chikukolola nandolo wanga monga ngati chinalima nawo.

APHUNZITSI: Odini, a dikoni, mpando uwo. Za mbuzi tikamba ndithu. Koma popeza mwafika mutavala malaya abuluu a Manoma pakhomo pa munthu amene anamva ndi makutu ake zodabwitsa za chaka cha 2004, ndiloleni ndiyambe ndachiza nthenda yaikuluyo, yaing'onoyo itsate pambuyo.

A DIKONI: Ogo! Tayambapo. Nditadzafunsa za khasu langa munandiyankha 2004. Mayi a kunyumba atadzafunsa za lichero lawo munawayankha 2004. Kodi pakhomo pano kalendala inafa?

APHUNZITSI: Nanga ndiyankhe chaka chiti? Chaka chimenecho, mbale wanga, anyamata a Kinnah Phiri, ndiwo Peter Mponda, Fischer Kondowe ndi anzawo, Swadick Sanudi ali pagolo, atakomana ndi Orlando Pirates ya ku Joni, timu imene inatenga chikho cha Africa mu 1995, imene osewera ake ankadya nyama tsiku ndi tsiku pamene ife kuno tinkasinja kalongonda, anaigwetsa monga Davide anagwetsera Goliati, nalowa m'gulu la matimu 8 otsala mu Africa yense, kumene phazi la timu ya ku Malawi linali lisanapondeko chiyambire.

A DIKONI: Davide anapita ndi miyala yotola yekha kumtsinje, anuwo anapita ndi thumba la a Muluzi. Si chifukwa chake kodi anavula dzina lawo, nadzitcha Bakili Bullets? Ndipo mutalowa m'gulu lanulo, momwe munapezamo Enyimba ya ku Nigeria, Étoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Ivory Coast, ndani uja anatseka wailesi mpira uli mkati, nauza khamu lonse linakhala pansi pa mtengo wa mango uwu kuti mabatire atha, chonsecho mabatirewo ndinali nditagula ndine m'mawa womwewo pa Chiringa?

APHUNZITSI: Anali mabatire achabe. Komanso Enyimba ndiyo inanyamula chikhocho chaka chomwecho, ndipo kugwa pamaso pa mfumu si manyazi ayi, ndi ulemu. Tsono za maina musaziyambe, a dikoni, inu amene mumaphunzitsa ana kuti ubatizo ndi umodzi, pamene timu yanuyo yabatizidwa Yamaha, yabatizidwa Limbe Leaf, kenaka MTL, kenaka Be Forward, kenaka Mukuru, kotero kuti ngakhale amayi ake oibereka atakomana nayo pa msewu wa Lali Lubani angaifunse kuti ndiwe mwana wa yani.

A DIKONI: Nanga Bata? Nanga Total? Nanga Nyasa? Inu ndiye munayambira kunsapato!

APHUNZITSI: Nsapato ndiyo imamenya mpira. Taŵerengani: kuyambira 1999 kufikira 2005, zaka 7 zotsatana, chikho cha ligi sichinagone nyumba ina koma ya ife a Maule.

A DIKONI: Zaka 7! Mwadzikola nokha, aphunzitsi, pakuti ngakhale mwana wa Sande sukulu adziŵa kuti pambuyo pa ng'ombe zonenepa za m'loto la Farao panatuluka zina zimene zinazimeza. Ndipo mu 2006, thumba lija litauma, Nyerere zathu za Manoma zinatuluka, nizinyamula chikho.

APHUNZITSI: Ŵerengani mutu wonsewo, musalekere pakati ngati mlaliki wofulumira ku nsima. Ng'ombe zoonda zija, zitameza zinzake, zinakhalabe zoonda. Inu mutatenga cha 2006 munadikira kufikira 2017, ana obadwa tsiku la chikondwerero chanu atayamba kale kuŵeta mbuzi. Ndipo mu 2018, mutati nanunso mukaone Africa, AS Vita ya ku Kinshasa inakubwezani pakhomo penipeni, musanalandire ndi madzi akumwa omwe.

(Mbuzi ilira mokweza.)

A DIKONI: Imvani, mboni yanga yalankhula! Mlandu suola, aphunzitsi. Nandolo ameneyo ndinamuŵerengera kale: mavenda akanamugula, amwenye a ku Limbe akanamutumiza ku India, ine ndikanagula malata aŵiri. Lero India yense ali m'mimba mwa chiŵeto chanu.

APHUNZITSI: Taiyang'anitsitsani mbuziyo. Yadya munda wathunthu, koma nthiti zili pamtunda. Imeneyo si ya Maule ayi. Mwa makhalidwe ake onse ndi ya Manoma, ndipo munthu salipitsa mbale wake.

A DIKONI: Basi! Valani jekete, tipite kwa a nyakwaŵa.

APHUNZITSI: Tiyeni, koma mudziŵiretu kuti a nyakwaŵa ndi a Silver Strikers. Akangomva Maule ndi Manoma pabwalo pawo, atilipitsa nkhuku tonse aŵiri.