Chobwereka chinandifera m'manja

Bamboyo anandichenjeza kawiri. Koyamba tinali pakhomo pawo, akundisenzetsa katoni. Kachiwiri anachita kundilondola mpaka pageti. "Mwana wanga, njerwayi usaikhulupirire. Uyambe waiyeza usanalumikize." Njerwa imene ankanenayo inali adaputa ya magetsi, chinthu chakuda, cholemera ngati njerwa yootcha. Ndinayankha kuti ndamva, ndipo ndinamvadi, koma mtima wanga unali utalowa kale m'katonimo.

Munali Commodore 64, ya mtundu woyamba uja, yonenepa. Ndimakhala ku Leicester, ndipo bamboyo ndi mzungu wachikulire woyandikana naye nyumba, amene anapuma pantchito yoyendetsa basi. Kompyutayo anagulira mwana wawo mu 1984, patangotha zaka ziwiri makinawa atayamba kugulitsidwa. Anandiuza kuti awiriwo ankachezera usiku kukopera mapulogalamu a m'magazini, bambo akuwerenga mzere, mwana akutayipa. Mwanayo anakula n'kusamukira kutali, kampani ya Commodore inagwa mu 1994, koma iwo makinawo anawasunga kudenga atawakulunga m'chibulangete.

Ine chimene ndinkafuna ndi bawo. Ndinakulira ku Ndirande ndikusuzumira pamapewa a akuluakulu akusewera, ndipo kuno ndilibe wosewera naye. Bawo ili ndi maenje 32 ndi njere 64, ndiye ndinati makina a ma kilobyte 64 sangalephere kusunga zimenezo. Chiyankhulo cha C ndinachiphunzira ku koleji, choncho ndinaganiza zolemba pa laputopu, kenako n'kumasulira ndi cc65. Imeneyi ndi compiler yaulere imene imagwira ntchito pa kompyuta yamakono koma n'kutulutsa pulogalamu ya mapurosesa a banja la 6502. Anaiyamba John R. Dunning polembera makina a Atari, Ullrich von Bassewitz n'kudzaikulitsa kuyambira mu 1998. Umangolemba cl65 -t c64 ndi dzina la fayilo, basi, n'kuyesa zotsatirazo mu VICE, pulogalamu imene imayerekezera Commodore pa laputopu pomwepo.

Miyezi iwiri yotsatira ndi imene inandikonzera dzenje, ngakhale panthawiyo ndinkaona ngati ndikuphunzira.

Purosesa ya makinawa, MOS 6510, imagunda kosakwana miliyoni imodzi pa sekondi m'makina a ku Ulaya. Ili ndi malo atatu okha ogwirira nambala, A, X ndi Y, ndipo alionse amanyamula byte imodzi. Kuchulukitsa sidziwa: compiler imachita kuitana kapulogalamu kena kophatikiza mobwerezabwereza. C imene ndinaizolowera inayamba kundikana paliponse. Ndinalemba float, cc65 inakana, chifukwa nambala za madesimo siizilandira. Ndinaika kowerengera kuti ndidziwe masewero amene kompyuta yaganizira, ndipo katangodutsa 32767 kanatembenuka n'kukhala nambala yochepera ziro, poti int kumeneko ndi ma bit 16 okha. Ndinaunjika matebulo m'kati mwa function imodzi, compiler inandibweza kuti ndadutsa ma byte 256. Pamene ndinauza kompyuta kuti iziganizira masewero angapo kutsogolo, function ikudziitana yokha n'kumakopera bawo yonse ulendo uliwonse, stack, malo osungira zinthu za function zoitanidwa, inasefukira n'kuyamba kulemba pamwamba pa zinthu zina.

Chimene chinandivutitsa kwambiri ndi sikirini. printf, function yolembera pa sikirini, inali yochedwa ndiponso inkanenepetsa pulogalamu, ndiye ndinayamba kulemba molunjika mu RAM ya sikirini, imene imayambira pa adiresi 1024: mizere 25, uliwonse zilembo 40. Sindinadziwe kuti nambala ya chilembo mu PETSCII, kaundula wa zilembo wa Commodore, si imene sikirini imayembekezera pamenepo. M'malo mwa maenje ndi njere ndinkaona timizere, timabokosi ndi zilembo zosokonekera. Pointer, nambala yoloza adiresi, ikaphonya pang'ono, zinyalala zomwezo zinkabweranso, nthawi zina makina n'kuumiratu. Ulendo uliwonse wolakwa ndinali ine. Ndinazolowera kuti sikirini ikasokonekera, ndibwerere ku laputopu ndikafufuze mzere umene ndaphonya. Chizolowezicho chinali chabwino mu VICE, momwe mulibe waya kapena kutentha.

Loweruka lina madzulo bawo inayenda bwinobwino mu VICE kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Inandidya njere, inenso ndinaidya. Ndinatsitsa katoni ija pamwamba pa wadiropu, ndinalumikiza ku wayilesi yakanema, ndinaika fayilo pa khadi n'kuilowetsa mu SD2IEC, kachipangizo kamene kamalowa m'malo mwa disk drive ya 1541. Kenako ndinakumbukira mawu a bambo aja ndipo ndinatenga mita yoyezera magetsi. Batire lake linali litatha. Nthawi inali itadutsa 10 koloko usiku, kunja kukuwaza mvula. Ndinaima pakati pa chipinda mita ili m'manja. Ndinadziuza kuti ndingoyatsa mphindi zisanu, ndione bawo yanga pa makina enieni, mawa ndidzayeza.

Sikirini ya buluu inabwera, ikunena kuti ma byte 38911 alipo, pansi pake READY. Ndinalemba LOAD"BAWO",8 kenako RUN. Maenje anga 32 anaoneka, ndipo misozi inalengeza m'maso. Mabatani a makinawo ndi olimba, amalira ukawadina, ndipo ndinkaganiza za mwana uja akutayipa bambo ake akumuwerengera. Mphindi zisanu zija sindinaziwerengenso.

Patapita mwina theka la ola, pa dzenje lina panatuluka chilembo chachilendo. Kenako china pakona. Njere za mzere wakutsogolo zinasintha nambala popanda wozigwira.

Apa ndi pamene ndinalakwa kwenikweni. Sindinazimitse. Ndinati ndi pointer ija, kapena stack yasefukiranso, kapena pali china chimene makina enieni amachita mosiyana ndi VICE. Ndinasiya Commodore ili chiyakire, n'kutembenukira ku laputopu. Ndinachepetsa kuzama kwa kuganiza kwa kompyuta, ndinamasuliranso, ndinasamutsa khadi. Zinyalala zinawonjezeka. Ndinachotsa -O poganiza kuti compiler ikudula zofunika pofupikitsa pulogalamu. Ndinatsegula fayilo ya assembly imene cc65 imatulutsa n'kuyamba kuiwerenga mzere ndi mzere, LDA, STA, JSR, kufunafuna cholakwa chimene munalibemo. Phazi langa linakhudza njerwa ija pansi pa tebulo, ndinamva kuti yatentha, ndipo ndinangoikankhira kumbali. M'chipindamo munayamba kumveka kafungo ka pulasitiki wofunda. Ndinati ndi fumbi la zaka zambiri.

Cha m'ma 1 koloko ndinazimitsa n'kuyatsanso kuti ndiyambe mwatsopano. Nambala ya ma byte sinalinso 38911, inali yocheperapo. Pulogalamu yanga inali isanalowe n'komwe, choncho C inalibe mlandu. Thupi lonse linazizira. Ndinayesanso kamodzi, ndipo sikirini inangokhala bii.

M'mawa ndinagula batire. Njerwayo itafunda pang'ono, waya woyenera kutulutsa ma volt 5 ankatulutsa opitirira 6. Ma adaputa amenewa amapereka magetsi a mitundu iwiri, 9 volts AC ndi 5 volts DC, ndipo kachipangizo koletsa magetsi kupyola 5 kanakwiriridwa mu epoxy wouma gwa, momwe kutentha kumavuta kutuluka ndipo sungakasinthe. Kakakalamba kamalekerera magetsi kukwera. Oyamba kufa kawirikawiri amakhala matchipi a RAM, asanu ndi atatu a mtundu wa 4164, amene anapangidwira magetsi osapyola 5.5. Zilembo zachilendo zija zinali matchipiwo akupsa, ine ndili kalikiliki kuwerenga assembly. Kuyeza konseko kunanditengera mphindi ziwiri.

Milungu iwiri sindinawauze bambo aja. Ndikawaona akuthirira maluwa ndinkatulukira khomo lakuseri. Tsiku lina anandikwezera dzanja ali pawindo, ine n'kukweza langa ngati palibe kanthu, ndipo zimenezi zimandipweteka kuposa matchipi aja. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ameneyu anali mnansi weniweni, wa khoma limodzi, amene anandipatsa chinthu cha mwana wake popanda kufunsa chikole.

Nditalimba mtima ndinapita ndi katoniyo. "Bambo, ndakulakwirani. Munandiuza kuti ndiyeze, sindinayeze. Makina anu afa, ndipo ndakhala ndikukubisirani." Anakhala chete nthawi yaitali, dzanja lili pa mabataniwo. Kenako anati chimene chawawawa ndi milungu iwiriyo, chifukwa ankaganiza kuti andilakwira penapake. Ndinalibe choyankha.

Ndinapeza wokonza makina akale, ndipo ndinalipira ndekha. Anachotsa matchipi onse asanu ndi atatu n'kuika ena. Mwamwayi SID, tchipi cha nyimbo, chinapulumuka, chimodzimodzinso VIC-II ya zithunzi. Ndinagulanso adaputa yatsopano yokhala ndi chitetezo, ndipo njerwa yakale ija tinaidula chingwe kuti wina asadzailumikizenso. Makinawo ndinabweza akuyaka, koma m'kati mwake muli ziwalo zimene bamboyo sanagule mu 1984, ndipo zimenezo sindingazibwezeretse.

Sindinapemphenso kubwereka. Iwo ndi amene anati ndizibwera Lamlungu masana ndi khadi yanga, tiziyatsira kwawo. Kuchokera usiku uja, pulogalamuyo sindinasinthemo mzere ndi umodzi womwe, ndipo imayenda popanda chilembo chachilendo. Panopa ndikuwaphunzitsa bawo.