Adzukulu, Mwati Deki?

Khalani pansi nonse, mafoniwo muwavundikire patebulo ngati mbale zotsuka. Iwe wa ndevu zongomera kumene, chotsa zingwezo m'makutu. Ine ambuya anu ndavala jekete la kutchalitchi pakati pa sabata chifukwa chimene ndakuitanirani ndi mlandu. Wodandaula ndine, mboni ndine, woweruza ndinenso. Ambuya anu aakazi akhala apo kuti aziti "eya" ndikanena zoona, ngakhale ndikuona kuti ayamba kale kuseka.

Lamulungu lapitali munabwera atatu nkhope zili ngwee, n'kundionetsa chithunzi pafoni. Munati mwasonkherana ndalama kuti mutimangire deki kuseri kwa nyumba, tizipumulirapo paukalamba wathu. Ndinavala magalasi n'kuyang'anitsitsa. Chimene ndinaona ndi thandala, lenileni loyanikapo mbale ngati lomwe amayi anga anali nalo ku Katete, kungoti ili n'lalikulu, ndipo m'malo mwa miphika akhazikapo mzungu ndi galu wake. Kumbuyo kwake kuli kapinga, mitengo ndi kanyanja. Ndinafunsa ngati kanyanjako mubweretsanso, munati ayi. Basi tiyeni tione zimene zili kuseri kwa nyumba ino ya ku Kanyama.

Kuseri kuli chimbudzi. Pambali pake pali bafa la alendi ndi chingwe chimene mabanja anayi a mumdadada amayanikapo zovala. Kuchoka pakhoma kufika pampanda wa aneba ndi mapazi anga 7, ndinayeza dzulo. Ndiye mukufuna kuti ine, amene ndinatsika basi mu Lusaka muno mu 1968 ndi bulangeti limodzi, n'kugwira ntchito yomanga mpaka msana kupindika, ndizikhala ndi kapu ya tiyi n'kumawerenga anthu olowa ndi otuluka m'chimbudzi? Mundipatsenso buku ndizilemba mayina?

Eni chithunzicho amakhala kuseri chifukwa amathawa anthu. Ife khonde lathu limayang'ana kunjira. Pakhonde ndi pamene wopita kumsika wa Soweto kukaoda tomato amaima n'kutifunsa mmene tadzukira, pamene wobwera ndi uthenga wa maliro amagwada, pamene ankhoswe amadikira asanalowetsedwe m'nyumba. Amayi anu anaphunzira kukwawa pakhonde ili, ndipo bambo anu tinawaonera patali ali pomwepo pamsewu, akuyenda uku ndi uku ngati ataya ndalama. Kumudzi khonde ankalizira ndi dothi lakuda mpaka kusalala. Titafika m'tauni tinalipaka simenti yofiira, ambuya anu aakazi n'kumagwada m'mawa uliwonse ndi kachitini ka Cobra ndi burashi mpaka munthu kudziona nkhope pansi. Inu amene simunagwirepo burashi imeneyo mwabwera kudzatiuza kuti mwapeza matabwa osafuna polishi. Ndinadziwa kuti ulesi uli penapake m'nkhaniyi.

Matabwa anuwo munawatchula kuti kompoziti, dzina ngati la mankhwala a chifuwa. Musaganize kuti nkhalamba sifufuza. Ndi utuchi wosakaniza ndi pulasitiki, zotenthetsa pamodzi n'kuzikankha m'chikombole kuti zituluke ngati thabwa. Ku America kampani ya Trex yakhala ikuchita zimenezi kuyambira m'ma 1990, ndipo imagwiritsa ntchito majumbo akale, ofanana ndi omwe atseka ngalande zathu zonse kuno. Apa pokha ndikuvulirani chipewa. Chiswe sichiwakonda, saola msanga, ndipo palibe mtengo wa mlombwa umene umagwa chifukwa cha iwo. Ine ndinaona ndi maso anga mlombwa, umene kuno timati mukwa, ukuchepa kumsika wa Buseko. Kale unkasankha thabwa lotambalala ngati chitseko, lero umapeza timizere topyapyala pamtengo woti ugwire pamtima. Utuchi umene akalipentala a ku Kalingalinga amangotaya kapena kugulitsa kwa oweta nkhuku, wina kunja anauona n'kulemera nawo.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndikufunseni: mbaula tiziika pati? Munayang'anana, palibe anayankha. M'nyumba muno nsima imaphikidwa pamakala, makamaka kuyambira 2024 pamene madzi anachepa ku Kariba, magetsi n'kumabwera pakati pa usiku ngati mfiti. Khala limodzi likathetheka n'kugwa pasimenti, umangolikankha ndi patapata. Likagwa papulasitiki wanuyo lisiya chipsera chimene sungapale, chifukwa thabwa limeneli silipalidwa ngati la mtengo, khungu lake likapsa lapsa. Ambuya anu akayamba kuwotcha chimanga ndi mbatata mu Juni, deki yanu pofika Ogasiti idzakhala ndi mawanga ngati nkhanga.

Nanga dzuwa la mu Okutobala mwaliiwala? Pulasitiki wakuda amamwa kutentha kuposa thabwa wamba. Masana mwana wopanda nsapato sangapondepo, ndipo ine chidendene changa chong'ambikachi sindikufuna kuchikazinga. Kutenthako kumawafutukulanso, usiku n'kubwerera. N'chifukwa chake odziwa ntchito amasiya mpata wa mamilimita angapo pamene matabwa akumana, ndiponso pakati pa thabwa ndi khoma. Mmisiri wongozolowera paini wa ku Copperbelt adzawathinitsa bwinobwino kuti akukondweretseni, adzakhoma ndi misomali ya mainchesi anayi, ndipo mwezi usanathe matabwa adzatukumuka ngati msana wa ngamila. Komanso ndi ofewa, sanyamula katundu paokha. Mitanda ya pansi iyenera kutalikirana masentimita 30 kapena 40, osapitirira. Mukaumira n'kuika mitanda yochepa, tsiku limene azakhali anu aja a ku Chawama adzabwere kudzationa, tidzawatola pansi.

Mitanda imeneyo ndiyo munaiiwala kotheratu, chifukwa pachithunzi sioneka. Pamwamba mwagula zosaola, koma miyendo ndi mitanda ndi yachiyani? Mukaika paini wosaviikidwa m'mankhwala, chiswe chidzadya pansi mwakachetechete, pamwamba pali phee, mpaka tsiku lomwe chonsecho chidzakhala pansi ngati ng'ombe yotopa. Ife tinkapaka oilo wakuda wa galimoto, ndipo ankathandiza ndithu, koma osati pamtengo woima m'madzi miyezi itatu. Mukaika zitsulo, muzipake penti wofiira uja woletsa dzimbiri musanazimange, mkati mwa ngodya monse, ndipo miyendo ikhale pazipilala za konkire zotuluka pamwamba pa dothi.

Tsopano ndifike pamadzi, ndipo apa musaseke. Kanyama yakhala pamwala wa laimu, pamalo athyathyathya, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Mukakumba dzenje la chimbudzi mumakumana ndi mwala kapena madzi musanafike m'chiuno. Mvula ikalimbikira mu Januwale ndi Febuluwale madzi alibe kopita, amatuluka pansi n'kukumana ndi ochokera kumwamba, zimbudzi n'kusefukira. Munali ana asukulu pamene kolera inabuka mu Okutobala 2017, mpaka mu Januwale 2018 boma linatiletsa kuyenda usiku kuno ku Kanyama. Inabweranso kumapeto kwa 2023, odwala n'kumagonekedwa ku Heroes Stadium, sukulu osatsegulidwa mpaka pa 12 Febuluwale 2024. Ndiye inu mukufuna kundimangira nsanja yokhala ndi mphako pansi pake, pafupi ndi chimbudzi, malo amene tsache silifika. Madzi akuda adzaima m'menemo, udzudzu udzamanga mudzi, makoswe adzasankha mfumu. Chilichonse chogwera m'mipata ya matabwa, kaya supuni, kaya makobidi, kaya mano anga oikirira, chapita. Khonde la simenti madzi akaphwa umalitsuka ndi klorini, dzuwa n'kuliumitsa, nkhani yatha.

Za zitsulo zotchingira m'mphepete ndiye munandiseketsa. Munati mukufuna zopingasa, zonyezimira, ngati za pahotela ya kumayadi. Zopingasa ndi makwerero, adzukulu. Kamwana ka alendi kaja kamene kayamba kuyenda kadzakwera tsiku loyamba. Zitsulo ziime chilili, ndipo mpata pakati pake usapitirire masentimita 10, kuti mutu wa mwana usalowe. Ndinaonapo mwana atakanirira mutu m'mabagala a pawindo ku Matero, tinachita kumupaka mafuta ophikira m'makutu, mayi ake akulira ngati pamaliro. Kutalika kwake kufike mita imodzi, chapamwambacho chikhale chosalala, choti dzanja la nkhalamba ligwire osachekeka. Ndipo mukapita kwa owotcherera zitsulo a mumsewu wa Alick Nkhata, amene ntchito amaidziwa ndithu, musakangoyang'ana maluwa opotapota amene akongoletsera. Mukagwedeze ndi manja awiri. Mukafunse kukhuthala kwa chubu, chifukwa chopyapyala chikapakidwa penti chimaoneka chimodzimodzi ndi cholimba, kusiyana kwake mudzakuona mvula yachiwiri.

Koma ndifunsenso, kutchinga mukutchinga ndani? Khonde lotalika kufika m'bondo silifuna mpanda ponseponse. Munthu wodutsa amafuna pokhala, ndipo m'mphepete mwa khonde ndiwo mpando wa alendo osayembekezeka. Mukazunguliza zitsulo mbali zonse mwandiika m'khola, anthu azidzandiona ngati mkango wa ku Munda Wanga.

Ndalama zake munanditchulira monong'ona, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake. Matabwawa amachokera kunja, amalipiridwa msonkho ndi ulendo, ndipo limodzi likawonongeka simudzalipeza pakantemba. Pamene denga la chipinda chimene inu mumagona mukabwera likudontha, ndipo ambuya anu amatchera beseni pabedi. Pepala limene ndili nalo la malo ano ndi chilolezo cha khonsolo chokhalapo zaka 30, chimene chinabwera ndi lamulo la 1974 lija lovomereza makomboni. Anzanga a ku George ndi ku Chawama anagwetsa zipinda zawo ndi manja awo m'zaka zimenezo kuti misewu ndi mipope zidutse. Munthu amene anaona zimenezo samanga chinthu asanafunse kuti malire ake ali pati ndipo madzi a aneba adzadutsa kuti. Inu munafunsa foni.

Ndipo ngakhale nditavomera zonse, adzakhalapo ndani? Khonde lilipoli mumalidutsa ngati mlatho. Mukafika mumati "muli bwanji ambuya" maso ali pagalasi, n'kulowa m'nyumba kukasaka potchajira. Ndikudziwa chimene mukufuna. Mukufuna mudzaime padeki yanuyo tsiku limodzi mutavala magalasi akuda, mujambulitse, muike pa Facebook kuti mwamangira ambuya, anzanu akuyamikeni, kenako mutisiye ife ndi makoswe athu.

Komabe mtima wanu ndauona, ndipo si adzukulu onse amasonkherana ndalama chifukwa cha nkhalamba. Ena amangobwera kudzafunsa kuti nyumbayi idzakhala ya yani. Choncho chigamulo changa ndi ichi, ndipo apilo kulibe. Kuseri musakhudzeko, kupatula kukweza chimbudzi ndi kuchimanga bwino m'kati. Malata odonthawo musinthe mvula isanagwe. Khonde lakutsogolo mulikweze ndi mizere iwiri ya mabuloko, muthiremo miyala yoswedwa ndi amayi aja a m'mbali mwa msewu, mutsire konkire ya simenti ya ku Chilanga, yopendekera pang'ono kunja kuti madzi azitsika. Masitepe akhale awiri, otambalala, ndi chitsulo chogwirira mbali imodzi chifukwa cha bondo la ambuya anu. Kumbali ya ngalande muike zotchingira zija zoima chilili, kutsogolo musiye poyera.

Kompoziti wanuyo sindikumukana yense. Mugule matabwa atatu okha, a mtundu wowala, mundipangire benchi ya pamthunzi, kutali ndi mbaula. Ndidzakhalapo zaka ziwiri ndikuyang'ana mmene akuchitira ndi dzuwa ndi fumbi la kuno, ndipo akapirira ndidzakuitanani ndivomere pamaso pa onse kuti munanena zoona. Loweruka mufike 7 koloko ndi tepi, wilibala ndi zovala zogwirira ntchito. Iwe wa ndevu udzasakaniza simenti, ndipo pobwera mugule shuga, watha.