Ulemu upite kwa a Bawuti adzimbiri a ku Musgrave

Ku Musgrave anthu amatama zambiri: kamphepo ka kunyanja kakamakwera chitunda cha Berea madzulo, mitengo ya ku Botanic Gardens komwe mbiri yake imayambira mu 1849, akavalo a ku Greyville kumunsi kuja. Sindinamvepo munthu akutama a Bawuti. Ntchito imeneyi igwere ine, poti ndagona chagada pamaso pawo masiku atatu, ulemu womwe sindinachitirepo ngakhale a gulupu a kwathu.

A Bawuti amakhala kunsi kwa galimoto yotchedwa MGB, kagalimoto ka mipando iwiri komwe Angerezi ankapanga ku Abingdon kuyambira 1962 mpaka 1980. Mwini wake ndi madala ena opuma pantchito, omwe amakatulutsa Lamlungu lokha, denga ali atatsitsa, chipewa chili pamphumi. Kumbuyo kwa galimotoyi kuli masipuling'i a zitsulo zosanjikiza, ofanana ndi a bakkie. Sipuling'i iliyonse imamangidwa ku ekiselo ndi ma U-bolt awiri, kumbuyo imalendewera pa shackle, ndipo kutsogolo imagwiridwa ndi bawuti mmodzi yekha wolowa m'kachubu kachitsulo ka pakati pa bushi ya labala. Ameneyo ndiye mwini nkhani. Ena onsewo ndi nduna chabe.

Madalawo akuti galimoto yawo ndi ya 1971. Nditamva chakacho ndinavula chipewa. Chimenechi ndi chaka chomwe kwathu Kamuzu analumbira kukhala pulezidenti wamuyaya. Ngwazi ija inatsika pampando mu 1994, koma a Bawuti mpaka sabata yatha anali akadali pomwepo, osapangitsa chisankho, osamva za referendamu. Mukafuna kudziwa tanthauzo la umuyaya, lowani kunsi kwa MGB.

Chinsinsi cha ulamuliro wawo ndi dzimbiri, ndipo Durban ndi mudzi wa dzimbiri. Chinyezi ndi mchere wa m'nyanja zimalowa pang'onopang'ono pakati pa bawuti ndi kachubu kaja. Chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma, kampata kaja nkutsekeka, awiriwo nkusanduka thupi limodzi. Ndaona maukwati omangitsidwa kutchalitchi, ankhoswe mbali zonse, akutha chaka chisanathe. Uwu wopanda nkhoswe wapitirira zaka makumi asanu popanda wina kulongedza katundu.

Taonaninso kudzichepetsa kwawo. Alendo amasirira penti yofiira ndi mawaya a m'mateyala, pomwe a Bawuti ali mumdima, akumwa matope, atasenza nawo kulemera kwa galimoto. Sadandaula msanga. Amayamba ndi kachifuwa, kuti gu! galimoto ikaponda hampu. Kenako mbali imodzi imawerama ngati agogo osenza nkhuni. Malabala a pansi pa ekiselo akatheratu, kumbuyo kwa galimoto kumayamba kudziwongolera kokha: kuponda mafuta ikukokera uku, kusiya ikubwerera uko. Pamenepo m'pamene madala aja anatumiza uthenga woti aMalawi aja abwere adzaone.

Kukaonana ndi mfumu kuli ndi mwambo wake. Thupi la galimoto umalikhazika pa masitandi, jeke n'kuika pansi pa ekiselo, chifukwa sipuling'i ikakhala yopanikizika n'kumasuka mwadzidzidzi sidziwa chibwano cha munthu. Sipanala zako za mamilimita uzisiye m'thumba. A Bawuti ndi Mngerezi, amangomva mainchi. Manati a ma U-bolt anatuluka atalira pang'ono. Shackle inakana mwaulemu kenako n'kuvomera. Nati wa a Bawuti eniake anamasuka mosavuta mpaka ndinayamba kuimba mluzu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndinawamenya ndi hamala. Labala inameza nkhonya yonse n'kundibwezera m'chigongono. Ndinazunguza ndi sipanala yaitali. Anazungulira pamodzi ndi kachubu kawo, labala n'kung'ambika mkati, iwo osasuntha ngakhale pang'ono. Ndinawathira mafuta a Q20 m'mawa ndi madzulo ngati nsembe ya ufa patsinde pa mtengo, ndikudziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono ija sinatulutse maso. Mnzanga wa ku Mangochi, yemwe amagwira m'dimba la nyumba yoyandikana, anasuzumira n'kunena kuti, "Achimwene, tangowaotchani." Ndinamuonetsa paipi ya petulo ndi mabatire awiri okhala kuseri kwa mipando, pamwamba penipeni pa mutu wanga. Anabwerera kukathirira maluwa ake.

Apa ndiye ndinene chimene ndimawakondera kwenikweni. A Bawuti safunsa pasipoti. Safuna kuona pepala la pemiti, sakufunsa kuti chigongono amachitcha chiyani m'Chizulu. Magalimoto atsopano amafuna kompyuta ndi mnyamata wovala yunifomu yoyera. Awa amafuna munthu wopirira, wokhala ndi msana wolimba ndi ngongole kumudzi. Agogo anga anabwera kuno pa Wenela kudzakumba miyala pansi pa nthaka, ine ndikukumba dzimbiri pansi pa galimoto, ndipo tonse chagada. Masiku atatu amenewa alipira fizi ya mwana wanga ku sekondale ndi thumba la feteleza. Ndi wandale uti anandichitirapo zotere?

Tsiku lachitatu ndinachita chimene mbiri imachita kwa onse okakamira mpando. Ndinachotsa mpeni wa sowo pa chogwirira chake, ndinaukulunga kansanza, n'kuulowetsa pakampata ka pakati pa sipuling'i ndi chitsulo cha thupi la galimoto. Kucheka mbali iyi, kucheka mbali inayo, dzimbiri likugwera m'maso ndi m'kamwa. Mipeni iwiri inathera pomwepo. Dzuwa likupendeka, sipuling'i inagwa pansi kuti khu! ndipo m'galaja munangoti zii. Ngakhale atadulidwa patatu, chidutswa chapakati chinakanirirabe m'kachubu kake. Ndachisunga m'thumba la ovolosi.

Wolowa ufumu ndi mnyamata wonyezimira wochokera m'kapepala ka pulasitiki, bushi yake yatsopano. Ndinamumanga pang'ono, n'kutsitsa galimoto kuti iime pa mateyala ake, kenako n'kumulimbitsa, chifukwa ukalimbitsa galimoto ili m'malere labala imapotoka n'kutha msanga. Madala aja anaimirira pambali n'kuumirira kuti ndimupake girizi wa kopa kuti asadzagwirenso. Ndinapaka, koma mtima ukundiwawa, poganizira mwana wa ku Ntcheu amene adzatsike basi ku Durban zaka makumi atatu zikubwerazi n'kupeza bawuti womasuka ndi zala.

Musandilirire msanga. Galimoto ili ndi masipuling'i awiri, ndipo mbale wawo wa kumanzere tikukamuona Lolemba.