Mapale a M'nkhuti Autsa Nkhani pa Khombedza

Masiku ano pa Khombedza mtengo wa feteleza wayamba wapumako pakamwa pa anthu. Nkhani imene ili m'kamwam'kamwa, kuyambira pasiteji mpaka kumjigo, ndi ya mapale. Ee, mapale enieni a miphika yosweka, omwe aja timakazingira mtedza kapena kuikira nkhuku madzi.

Mmene zinayambira ndi chonchi. Anyamata ena oumba njerwa, akukumba nkhuti kuseri kwa mudzi wina, anatulukira mapale ochuluka okhala ndi timizere m'khosi, pamodzi ndi makala ndi timikanda tingapo. Mwana wina wasukulu anatola phale limodzi n'kukaonetsa aphunzitsi ake. Aphunzitsiwo sanamuuze kuti ataye. Anatenga ana a m'kalasi mwawo kukaona malowo, anapempha anyamata aja kuti ayambe aleka kukumba mbali imeneyo, kenako anakagwada kwa amfumu. Dzuwa lisanalowe, nkhani inali itafika kale ku Thavite.

Oyamba kuigamula anali a kabaza. "Aise, usapusitsidwe," anatero mmodzi atatsamira njinga yake. "Munthu wophunzira sangagwade padzuwa la ku Salima lino chifukwa cha phale. Pansi pamenepo pali ndalama za Majeremani." Mnzake anakana, nati ndi mekyule. Wachitatu sanavutike n'kutsutsana. Iye anali atakhazikitsa kale mtengo wonyamulira anthu kupita kunkhutiko, ndipo akuti tsiku limenelo anadya nsima ya chambo. Ndinaseka nawo, koma maganizo a ndalama zokwiriridwawa ndimawaopa. Ndi omwe amachititsa anthu kufukula mabwinja ndi manda usiku. Chuma sachipeza, koma malowo amasiya ataononga mosabwezeka.

Pabawo, pansi pa mtengo, mkangano unali wa eni ake. Mapalewo ndi a makolo a yani? Mdala wina, nkhomo zili m'manja, anati ndi a Akafula, aja ankakufunsa kuti mwandionera pati. Mnzake anamudula: Akafula anali alenje, zida zawo zinali za miyala, miphika yochuluka chonchi ndi ya anthu olima. Wachitatu, atavala kofiya, anati mikanda ndiyo ikuulula zonse, amenewa ndi amalonda a Jumbe ochokera ku Nkhotakota. Wachinayi anamenya pachifuwa nati dziko lino ndi la Kalonga kuyambira kale, musafune mwini wina. Bawo linaima kaye, ndipo amene anali pafupi kudyedwa ndi amene anakometsa mkanganowo kwambiri.

Chondikondweretsa n'chakuti aliyense wa madala amenewa anagwira kachidutswa ka zoona. Akafula anakhaladi m'dziko muno alimi asanafike, ndipo zithunzi zofiira za m'mapanga a ku Chongoni, ku Dedza, akatswiri amati anajambula ndi iwowo. Zoyera ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi Nyau. Malo ojambulidwawo alipo 127, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Jumbe Salim bin Abdullah anakhazikikadi ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndipo minyanga ya njovu ndi akapolo zinkawoloka nyanja kuchokera kumeneko ulendo wa ku Kilwa. Koma mikanda inayamba kufika kuno Jumbe asanabadwe. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la Kalonga, Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa, minyanga yosemedwa, ngakhalenso zidutswa za mbale zochokera ku China. Taganizani, mbale ya ku China kufika kuno kulibe sitima ya pamtunda, kulibe galimoto. Zonsezi anazilemba m'buku limene linatuluka mu 2020. Ana athu ambiri amaloweza za mafumu a ku Ulaya osadziwa kuti likulu lotere linali pamsewu womwewu wa M5, kungopitirira Chipoka.

Kumjigo amayi anangoti kukhwekhwerekeza ndi phwete. "Taonani abambo akukanganirana miphika," anatero mayi wina akupukusa, "pomwe kunyumba sadziwa ndi pokhala chikombe pomwe!" Wina anati ngati mapale ayamba malonda, apongozi ake alemera, poti paukwati wawo wonse aswa miphika yosawerengeka.

Koma mawu amene anakhazika anthu chete anachokera kwa agogo ena, oumba mbiya kuyambira utsikana wawo. Mdzukulu wawo anawabweretsera mapale awiri kuti aone. Agogowo sanafulumire. Analitembenuza loyambalo, kulisisita ndi chala chachikulu, kuliyang'ana pomwe linaswekera, nati, "Uwu unali mphika wophikira, taona mwaye kunjaku. Mtapo wake anasakaniza ndi mchenga kuti usang'aluke pamoto." Lachiwiri anati unali mtsuko, poti khosi lake ndi lopanikiza ndipo silinaonepo moto wa pamafuwa. Kenako anapukusa mutu. "Koma kalembedwe aka si ka amayi anga, si ka agogo anganso. Ife timakongoletsa pamapewa. Awa ankanenepetsa mlomo n'kudinda pomwepo. Amenewa ndi anthu ena, mwana wanga, akalekale."

Agogo amenewa sanapondepo m'kalasi, koma zimene anachita ndi zomwe akatswiri ofukula zakale amachita. Amayang'ana dothi, kaotchedwe, mlomo ndi timizere, n'kusiyanitsa mibadwo ya oumba. Mitundu ya miphika yakale ya kuno anaipatsa maina a malo amene anayamba kuipeza: Nkope, Mawudzu ndi Nkhudzi ku Mangochi, Kapeni ku Ntcheu. Ya Nkope ndiyo ya alimi oyambirira osula chitsulo, amene anakhala m'mbali mwa nyanjayi zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo amene anaifufuza kwambiri ndi Keith Robinson. Ine ndikuti aliyense wobwera kudzafufuza kuno ayambe wakhala pamphasa ya agogo ngati amenewa. Miphika yadothi ikutha, yalowedwa m'malo ndi mapoto ndi zidebe zapulasitiki, ndipo oumba akamapita akupita ndi maso amene amatha kuwerenga phale.

Aphunzitsi aja nawo sakupuma. Akangotulukira pamsika, mafunso ali mbwee. Wogulitsa usipa akufuna kudziwa kuti mapalewo ndi a chaka chanji. Wometa akufunsa ngati boma lipereke kenakake. Iwo amayankha mofatsa kuti zaka sangazinene ndi pakamwa, poti zimenezo amayeza ndi makina, pogwiritsa ntchito makala kapena mafupa opezeka pamodzi ndi mapalewo. Ndipo amafotokoza mmene ntchitoyi imayendera. Akatswiri safika ndi khasu n'kuyamba kugwetsa dothi. Amakhoma zikhomo, kumanga chingwe, kudula malowo m'timabwalo tofanana, n'kumapala pang'onopang'ono ndi kachipande ka omanga nyumba ndi burashi. Dothi lililonse limadutsa pasefa kuti ngakhale kamkanda kapena kamunga ka nsomba kasataike. Chilichonse chimalembedwa m'kope, chapezeka pati, mozama bwanji, pafupi ndi chiyani, kenako chimalowa m'kathumba kakekake. Cha pansi ndi chakale kuposa cha pamwamba. N'chifukwa chake phale lozulidwa n'kuikidwa m'thumba la malaya limakhala litataya theka la nkhani yake. Ndipo malo amene amawakonda koposa, anatero aphunzitsi, ndi dzala, chifukwa padzala m'pamene mudzi umataya zoona zake: zimene unkadya, zimene unkagula, zimene unkasula.

Mawu a dzala amenewa ndiwo anabweretsa mlandu kunyumba ina. Mtsikana wina wa Sitandade 8 anauza bambo ake kuti akadzakula akufuna kudzagwira ntchito imeneyi. Bambowo anakadandaula kutiyirumu: "Achimwene, ine ndigulitse thonje, ndilipire fizi, kuti mwana akafukule dzala?" Anthu anaseka mpaka tiyi kutayika. Mnyamata wina anathira ndemanga kuti tsobola wakale sawawa, za makolo zitithandiza chiyani lero. Koma kalaliki wina wopuma pantchito anawakumbutsa kuti Juwayeyi yemwe uja, wofukula ku Mankhamba, anakhalapo kazembe wa dziko lino ku United Nations ndiponso mphunzitsi wa pa yunivesite ku America. Bambo aja anakhala phee, kenako anafunsa kuti sukulu yake imatenga zaka zingati.

Wogulitsa nyama naye ali ndi chiyembekezo chake. Anamva kuti ku Karonga kuli mafupa a chinyama chachikulu chotchedwa Malawisaurus, oimikidwa m'nyumba yoonetsera zakale imene inatsegulidwa mu 2004, ndiponso kuti ku Uraha, m'boma lomwelo, mu 1991 kunapezeka chibwano cha munthu wakale cha zaka zoposa 2 miliyoni. Tsopano akuti anyamata a njerwa akapeza fupa lalikulu amuitane, iye adzadziwa ngati ndi la ng'ombe kapena ayi. Wachiwaya wa pafupi naye akuwerengera kale alendo opita ku Nkhotakota amene azidzaima kudzaona nkhutiyo n'kugulako tchipisi.

Si onse akuseka. Alipo akuluakulu amene akuti zinthu za anthu akufa saseweretsa, ndipo mayi wina analetsa mwana wake kulowa ndi phale m'nyumba. Mantha amenewa sindikuwapeputsa. Makolo ankasiyadi miphika pamanda ndi pa akachisi othirira nsembe, ndipo si phale lililonse limene lili la padzala. Amfumu anaitenga bwino nkhaniyi. Anati pamalopo pasapezeke wokumba, usana kapena usiku, mpaka odziwa adzaone, ndipo ngati pangaoneke mafupa a munthu, mwambo udzayamba ndiwo. Apa mwambo ndi lamulo zikugwirizana. Lamulo la 1990 loteteza malo ndi zinthu zakale silimalola kufukula kapena kutulutsa zinthu zotere kunja kwa dziko popanda chilolezo, ndipo amene amayang'anira ndi nthambi ya boma ya Museums and Monuments.

Chimene chikundikhudza ine ndi ana aja. Kwa nthawi yoyamba ambiri a iwo aona kuti mbiri si ya m'buku mokha, ili pansi pa minda ya chimanga ya makolo awo. Malo oonetsera zakale ali kutali ndi ife: Chichiri ku Blantyre, Mangochi, Mzuzu, Karonga. Kufupi ndi ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976, ndipo nyumba ya Chamare imaonetsa miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Ulendo wa kumeneko ndi wa tsiku limodzi. Makomiti a sukulu amatha kusonkhetsa ndalama za jezi za mpira. Asonkhetsenso za minibasi yopita ku Mua, ndipo aitane agogo oumba mbiya kudzayankhula m'kalasi akadali ndi mphamvu.

Nyengo youmba njerwa ikadalipo, nkhuti zikukumbidwa m'midzi yonse ya kwa Khombedza, ndipo posachedwa makasu alowa m'minda. Inu amene mupeze mapale ochuluka pamalo amodzi, mikanda, zibuluma zakuda za pang'anjo kapena mafupa, musazule ndipo musagulitse kwa munthu wodutsa. Jambulani ndi foni, kwirirani pang'ono, uzani amfumu, ndipo iwo atumize uthenga kwa a DC ku Salima kuti akatswiri abwere.